Ana a m'zigafa amakathera kuti?

Dzina la William Kamkwamba likudziwika mpaka kutsidya kwa nyanja. Mnyamata wa kwa Wimbe, kufupi ndi Chamama, analekera sukulu panjira m'nyengo ya njala ya 2002 makolo ake atasowa fizi, napanga makina otapa magetsi ku mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Ulendo wake timaudziwa chaka ndi chaka chifukwa unalembedwa m'buku, unaonetsedwanso m'kanema. Nanga anzake amene analeka nawo sukulu chaka chomwecho? Lero akuyandikira zaka 40. Ndi angati anabwerera m'kalasi, angati analowa utenanti, angati anatsikira ku Joni, angati tinawaperekeza kumasano? Mbiri zawo zinatsala m'mitima ya abale awo, pomwe ndi iwowo amene angatiuze zoona za kukula m'dera la fodya.

Kuwerenga anthu timakutha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 18. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 analowa m'banja asanakwane zaka 18. Ziwerengero zotere zimanena kuchuluka kwa vuto, koma sizinena kuti chinayamba n'chiti. Mukapeza mtsikana wa zaka 17 ali pabanja, mwana ali kumsana, sukulu anasiya, mudzati banja ndilo linamuchotsa m'kalasi. Mwina ndi choncho. Koma mwinanso sukulu inali itamukanika kale, atabwereza Sitandade 5 kawiri, banja n'kungomupeza ali pakhomo. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi osiyana. Loyamba lifuna lamulo ndi mafumu, lachiwiri lifuna mphunzitsi wa Sitandade 2 wokhala ndi ana owerengeka. Kuti mudziwe chimene chinatsogola, muyenera kumudziwa mwanayo asanasiye, n'kubwereranso kwa iye yemweyo chaka ndi chaka.

Ntchito yotere yachitikapo m'dziko muno, ndipo si yochepa. Kuyambira 1998, kafukufuku wa Malawi Longitudinal Study of Families and Health wakhala akubwerera ku mabanja omwewo ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Kuyambira 2007 mpaka 2013, bungwe la Population Council linatsata achinyamata oposa 2,600 a ku Balaka ndi Machinga, amene anali ndi zaka 14 mpaka 17 poyamba. Ku Balaka komweko, kafukufuku wa Tsogolo la Thanzi anayamba mu 2009 ndi atsikana pafupifupi 1,500 a zaka 15 mpaka 25, kumacheza nawo miyezi inayi iliyonse, n'kudzawafunanso mu 2015 ndi mu 2019. Kunja, Young Lives yatsata ana 12,000 a ku Ethiopia, India, Peru ndi Vietnam kuyambira 2002, ndipo ku Soweto ndi Johannesburg ana oposa 3,000 obadwa mu 1990 akhala akutsatidwa mpaka ena a iwo kubereka awoawo.

Phindu la kudekha kotere linaonekera bwino ku Zomba. M'zaka za 2008 ndi 2009, atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ena pokhapokha akamapita kusukulu, ena popanda chowakakamiza. Ndalama zili mkati, zotsatira zinali zokoma. Amene ankalandira malinga ndi kupita kusukulu ankajomba pang'ono, ndipo pakati pa amene ankangolandira, mimba ndi maukwati zinachepa. Ofufuza akanatseka mabuku pamenepo, tikanaimba nthungululu kuti mankhwala apezeka. Koma atabwerera patapita zaka ziwiri ndalama zitatha, anapeza kuti mwa gulu lachiwirili maukwati ndi mimba zinangochedwa, kenako zinabwera motsatizana. Anapezanso chimene palibe akanachiona msanga: ana amene atsikanawo anabereka ndalama zikubwerabe anali otalikirapo pa msinkhu wawo. Ku Balaka ndi Machinga nako kunatuluka nkhani yowawa, yoti luso lowerenga limatha kufwifwa mwana akasiya sukulu, makamaka kwa atsikana. Mlimi sayamikira fodya ali kunazale. Amadikira belo ligulidwe ku okushoni ya Chinkhoma.

Tsono taonani kumene kafukufuku wotsata achinyamatayu wakhala akuchitikira: Balaka, Machinga, Zomba. Chithunzi chathu cha mmene mwana wa Chimalawi amakulira chajambulidwa kwambiri kuchokera kwa ana okhala pamudzi pawo, amene ofufuza akafika amalozeredwa nyumba ndi anyakwawa. Mwana wa tenanti ku Chamama sakhala choncho. Makolo ake anachokera kutali, ambiri kumaboma a kummwera kumene malo ndi ochepa. Chaka chino ali pa esiteti iyi. Fodya akagulitsidwa, bwana n'kuwerengera chimanga, feteleza ndi ngongole, banja limasamukira pa esiteti ina kapena kubwerera kwawo. M'kaundula wa sukulu dzina lake limangofufutidwa. M'mudzi wa makolo ake ndi mlendo, pa esiteti ndi wongodutsa. Ofufuza eniake amadziwa kuti osamuka ndiwo amasowa msanga m'kafukufuku wa zaka zambiri, ndipo osowawo safanana ndi otsala. Choncho mwana amene ali pachiswe kuposa onse ndi yemweyo amene chiwerengero chimamutaya poyamba.

Si kuti za ana a m'fodya sizinalembedwe. Mu 2009 bungwe la Plan linacheza ndi ana 44 a ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, ndipo lipoti lake linamveka dziko lonse lapansi ponena kuti mwana wothyola fodya wonyowa angathe kumwa kudzera pakhungu poizoni wofanana ndi wa ndudu 50 pa tsiku. Mu November 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake poganizira za kugwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Mu 2021 lamulo la zantchito linasinthidwa kuti utenanti uthe. Zonsezi n'zofunika, koma zimamuona mwana tsiku limodzi, ali m'chigafa akusoka fodya. Funso lalikulu lili mtsogolo. Akafika zaka 25, chifuwa chake chili bwanji? Amatha kuwerenga risiti ya ku okushoni? Kodi lamulo la 2021 linamubwezera kusukulu, kapena linangosintha dzina la bambo ake kuchoka pa tenanti kukhala waganyu? Ngakhale lamulo loletsa ukwati wa ana, limene linalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 2017, mphamvu yake pa esiteti ingaoneke pokhapokha potsata atsikana omwewo.

Alipo oti ndalama zolipira ofufuza kwa zaka 15 bwanji osagulira madesiki. Madandaulo a anthu akumudzi ndi akulu kuposa pamenepo: ofufuza amabwera ndi galimoto, amafunsa za kuchipinda, amasiya sopo, osabweranso kudzanena chimene anapeza. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo likuloza ku kachitidwe kathu. Kafukufuku wambiri wotere walipiridwa ndi kutsogozedwa kuchokera kunja, zotsatira zake n'kutuluka m'Chingerezi chozama, m'magazini amene mphunzitsi wamkulu wa ku Chamama sadzawaona. Koma kusafufuza nako kuli ndi mtengo wake. Timaulipira pa mapulojekiti amene amakhazikitsidwa mongoganizira, n'kutha pakapita zaka zitatu popanda wodziwa ngati anasintha kanthu.

Maziko alipo kale. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba yakhala ikutsata mabanja omwewo kuyambira 2010, n'kumalondola ngakhale anthu ochoka pakhomo. Chotsala ndi kafukufuku wa dera la fodya lenileni, wotsogozedwa ndi masukulu athu aukachenjede, woyamba ndi ana a zaka 10 a eni minda ndi a ogwira ntchito m'minda ya eni. Azitsata mwanayo kulikonse kumene wapita, kaya ku Mzimba, ku Mulanje, ku Chipata kapena ku Joni, poti masiku ano lamya za m'manja zafupikitsa mtunda. Azifika kawiri pachaka motsata nyengo ya fodya: mu February, pamene manja a ana amafunika pothyola ndi kusoka, njala ilinso pakhomo, ndi mu August, ndalama zitagawidwa, mabanja akumanga katundu. Zotsatira zake zizibwera m'Chichewa ku komiti ya sukulu, kubwalo la mfumu ndi ku kalabu ya alimi, zisanapite ku msonkhano wa ku Lilongwe.

Belo lililonse lopita ku okushoni limakhala ndi nambala yosonyeza mlimi wake, ndipo makampani ogula amatha kulilondola mpaka kumunda kumene linachokera. Dziko limene lili ndi luso lotere pa fodya lilibe chifukwa cholepherera kudziwa kumene mwana wa mlimiyo ali, ndi chimene chinamufikitsa kumeneko.