Kodi Kukana Kulandiridwa ndi Kulimba Mtima?

Mumzinda wa Le Mans, m'dziko la France, mumachitika mpikisano wa magalimoto umene udayamba m'chaka cha 1923. Magalimoto amazungulira bwalo kwa maola 24, usana ndi usiku, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali kuposa onse. Popeza ntchitoyi ndi yolemetsa, oyendetsa galimoto imodzi amalandirana chiwongolero kuti wina apumeko.

M'chaka cha 1952, Mfalansa wina wa zaka 46, dzina lake Pierre Levegh, adalowa mumpikisanowu ndi galimoto ya mtundu wa Talbot-Lago. Mnzake wolandirana naye adali René Marchand. Koma Levegh atagwira chiwongolero sadafunenso kuchitula. Adayendetsa yekha usiku wonse mpaka kudacha, ndipo adatsogola, magalimoto a Mercedes-Benz ali pambuyo pake. Atayendetsa pafupifupi maola 23, injini yake idaonongeka. Galimoto idaima, ndipo a Mercedes-Benz adatenga malo oyamba ndi achiwiri.

Anthu amasiyana pofotokoza chimene chidaononga injiniyo. Ena amati chifukwa cha kutopa, Levegh adalowetsa giya yolakwika. Giya yotsika imapatsa galimoto mphamvu zokokera koma liwiro lochepa, n'chifukwa chake pikapu yolemedwa ndi katundu imakwera chitunda ndi giya yoyamba kapena yachiwiri. Tsono munthu akalowetsa giya yotsika galimoto ili paliwiro lalikulu, matayala amakakamiza injini kuzungulira mopyola muyeso mpaka zitsulo za m'kati kuthyoka. Ena amamuikira kumbuyo ponena kuti iye adamva kale kuti injiniyo ili ndi vuto, ndipo adaopa kuti mnzake sadzadziwa kuiyendetsa monyengerera.

Kodi tsono munthu wotere ayenera kutamandidwa kapena kudzudzulidwa? Kupirira ndi khalidwe labwino, ndipo palibe angakane kuti Levegh adapirira modabwitsa. Munthu wogwa mphwayi msanga sakolola kanthu, kaya kumunda kaya kusukulu. Ngati adaumiriradi pofuna kuteteza injini, ndiye kuti adasenza katundu wolemera mwadala kuti gulu lake lipindule.

Komabe mpikisanowo sudali wa munthu mmodzi. Padali amakaniko amene adachezera usiku wonse kuthira mafuta ndi kusintha matayala, padalinso Marchand amene adakonzeka kuyendetsa koma adangokhala woonerera. Pamwamba pa izi, m'bwalomo mudali oyendetsa ena amene miyoyo yawo ikadakhala pachiswe Levegh akadasinza pachiwongolero. Munthu ali ndi ufulu wovutitsa thupi lake, koma ufuluwo umathera pamene payambira thukuta ndi moyo wa anzake. Ngakhale adamvadi vuto m'injini, njira idalipo youza mnzakeyo za vutolo ndi kumukhulupirira. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Choopsa cha kutopa ndi chakuti kumayamba kuononga nzeru zomwezo zimene munthu amadziyezera nazo. Wotopa ndiye amakhala womaliza kuzindikira kuti watopa. N'chifukwa chake m'chaka chotsatira okonza mpikisanowo adaika malire a nthawi imene munthu mmodzi angayendetse. Lamulolo silidanyoze kulimba mtima. Lidangovomereza kuti pankhani ya mphamvu zake, munthu sakhala woweruza wabwino wa iye mwini.

Nkhani ya Levegh ikukhudza aliyense amene wapatsidwa udindo: woyendetsa galimoto ya katundu usiku, mtsogoleri wa gulu, ngakhale mwana wasukulu wokana kufunsa pamene sakumvetsa. Kugwiritsitsa chiwongolero kumafuna mphamvu, koma kuchipereka kwa mnzako uli patsogolo, khamu la anthu likukuchemerera, kumafuna mtima wolimba koposa, pakuti pamenepo munthu amalimbana ndi kudzikuza kwake komwe.