Zaka 80 za Barizilai

Mawu: 2 Samueli 19:31-39

M'Baibulo muli maphwando awiri a tsiku lobadwa amene afotokozedwa momveka bwino, ndipo onse awiri anathera pa mtembo. Farao wa nthawi ya Yosefe anakonzera nduna zake madyerero, n'kubwezera woperekera chikho pa ntchito yake, koma wophika buledi anamupachika tsiku lomwelo. Herode naye anaitana akuluakulu a ku Galileya, mtsikana anavina, mutu wa Yohane Mbatizi n'kulowa m'nyumbamo uli m'mbale. N'chifukwa chake alipo Akhristu ena amene safuna n'kumva komwe za keke ndi makandulo. Sindilimbana nawo lero. Ndingoti chimene chinaipitsa maphwando awiriwo ndi mitima ya mafumu aja, pakuti kuwerenga zaka Baibulo lomwelo limawerenga, makamaka zaka za okalamba. Limatiuza kuti Abramu anachoka ku Harani ali ndi zaka 75, kuti Mose anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 80, mkulu wake Aroni ali ndi 83. Mulungu sachita nayo manyazi imvi.

Munthu wa m'mawu athu a lero satchulidwatchulidwa pa guwa. Barizilai anali nkhalamba yolemera ya ku Rogelimu, m'dziko la Giliyadi, kutsidya kwa Yordani. Pamene Abisalomu anaukira bambo ake, Davide anathawa mu Yerusalemu akulira, wopanda nsapato, mpaka anakafika ku Mahanaimu. Kumeneko Barizilai ndi anzake awiri anamuchingamira ndi zogonera, mabeseni, miphika, tirigu, ufa, nyemba, uchi, chambiko ndi nkhosa. Taonani katundu ameneyo. Mulibemo lupanga ngakhale limodzi. Ndi katundu wa munthu amene wakhalitsa pa dziko, wodziwa kuti wothawa nkhondo amayamba wafuna pogona ndi chotentha m'mimba. Ndipo nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti apambane ndani. Akanapambana Abisalomu, miphika ija ikanasanduka umboni pa mlandu woukira boma.

Nkhondo itatha, mfumu ikubwerera kwawo, Barizilai anatsika kudzaiperekeza pa doko. Davide anamuuza kuti awoloke naye, akakhale ku Yerusalemu, azikadya za kunyumba ya mfumu. Ndani wa ife akanakana? Koma nkhalambayo inayamba ndi kutchula zaka zake: 80. Kenako inafotokoza mosabisa kuti pakamwa sipamvanso kukoma kwa chakudya, makutu samvanso mawu a oimba, ndipo kunyumba ya mfumu ikangokhala katundu wolemetsa. Inapempha zinthu ziwiri zokha: kuti ibwerere ikafere kumudzi kwawo, pafupi ndi manda a bambo ndi mayi ake, ndiponso kuti zabwino zonse zimene mfumu inaikonzera zipite kwa Kimuhamu, amene ambiri amati anali mwana wake. Davide sanakakamize. Anamupsompsona, kumudalitsa, n'kumulola kupita.

Silinali phwando la tsiku lobadwa monga tilidziwira ife, koma zonse zofunika pa tsiku lotero zinalipo pa doko paja: zaka zinatchulidwa poyera, zabwino zimene munthu anachita zinakumbukiridwa mwini wake akumva, iye anafunsidwa ndipo yankho lake linalemekezedwa, wachinyamata anapatsidwa njira.

Masiku ano maphwando a zaka 70, 80 ndi 90 achuluka pakati pathu, ndipo ine ndimakondwera nawo. Ana amene ali ku Lilongwe, ku Joni ndi ku Mangalande amasonkherana, amasokesa yunifomu, amabwereka tenti ndi mipando. Koma tiyeni tinene chilungamo. Nthawi zina phwando limakhala la ana, agogo angokhala chifukwa. Mumawaona atakhazikidwa pa mpando wokutidwa ndi nsalu yoyera, nsapato zatsopano zikuwathina, zokuzira mawu zikugunda kumbuyo kwawo mpaka madzi m'botolo akunjenjemera. Patsogolo pawo pali keke ya nsanjika zitatu imene dokotala anawaletsa chifukwa cha shuga. Woyendetsa mwambo ali kalikiliki ndi perekaniperekani, aliyense foni m'mwamba. Pofika nthawi yoti mwini tsiku alankhule, dzuwa lapendeka, anthu ayamba kulongedza zakudya zotsala. Tawatengera ku Yerusalemu osawafunsa.

Phwando limene ndimalikumbukira ndi mtima wofunda linali la mayi ena a mumpingo, atakwanitsa zaka 80. Ana awo anachita chanzeru: anayamba awafunsa. Mayiwo anati keke ayi, gule ayi. Anafuna nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera, nsima ya mgaiwa ndi thobwa. Koma chachikulu, anafuna mnzawo amene analowa naye kalasi ya ubatizo ali atsikana, amene anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje ndipo miyendo inali itamukana. Mdzukulu anapita kukamutenga pa njinga yamoto, atamumangirira ndi chitenje kumsana kwake kuti asagwe. Atafika, awiriwo anakana mipando. Anakhala pa mkeka, miyendo tambalale, akugwirana manja, n'kumatchulana mayina a paubwana amene ana awo omwe sankawadziwa. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya duku. Chakudya chitatha, mayiwo anaitana adzukulu mmodzimmodzi. Wina anamupatsa buku lawo la nyimbo, lothothoka chikuto, lomangidwa ndi mphira. Wina mtondo. Mwana wawo wamkulu anamuuza, anthu onse akumva, pamene pathera munda wa banja ndi pamene payambira wa asuweni awo. Mayiwo anatisiya, koma pa mundapo sipanabukepo mlandu.

Mwina wina akuti, kwathu sizingatheke, agogo sadziwa tsiku limene anabadwa. N'zoona, ambiri a m'badwo umenewo anabadwira m'nyumba, m'manja mwa azamba, popanda wolemba. Mukawafunsa zaka sakupatsani nambala, akupatsani nkhani. Wina ati anabadwa chaka chimene Napolo anagumula phiri la Zomba, ndiye kuti 1946. Wina ati pa njala ya 1949 n'kuti ali kumsana. Wina ati Chitaganya chimayamba, mu 1953, n'kuti akuweta mbuzi, ndipo ufulu wa 1964 unamupeza ali ndi mwana woyamba. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 ambiri anachita kuyerekezeredwa zaka mwa njira yomweyi. Kuwerenga kotereku musakupeputse. Munthu amene amayeza moyo wake ndi njala imene anapulumuka, ndi chigumula chimene chinamulambalala, akuwerenga pamodzi ndi zaka zakezo chifundo cha Mulungu. Salimo 90, limene limaika moyo wa munthu pa zaka 70, kapena 80 ngati pali mphamvu, limapempha Mulungu kuti atiphunzitse kuwerenga masiku athu kuti tikhale ndi mtima wanzeru. Silifunsa chiphaso.

Salimo lomwelo silibisa kuti zaka zimenezo zimadza ndi mavuto ndi zowawa. Ife pa phwando timakonda kunamiza okalamba. Timati, "Agogo akadali mtsikana!" Iwo amangomwetulira, chikhalirecho usiku sanagone ndi mawondo. Alipo ndithu okalamba onga Kalebe, amene ali ndi zaka 85 anauza Yoswa kuti mphamvu zake zikadali monga zinalili ali ndi zaka 40, n'kupempha dziko la mapiri la Hebroni kumene kunali adani amphamvu. Tili nawo mumpingo muno, olima okha ndime yawo mpaka lero, ndipo tithokoza. Koma Barizilai, amene anavomera kuti makutu afa, sanali wochepa chikhulupiriro poyerekeza ndi Kalebe. Onse awiri ananena zoona za thupi lawo, ndipo onse awiri anadalitsidwa. Nkhalamba isachite kudzionetsa yamphamvu kuti tiikonde. Mwa mneneri Yesaya, pa mutu 46, Mulungu analonjeza kuti adzasenza anthu ake mpaka imvi, ndipo wosenzedwa safunsidwa ngati angathe kuthamanga.

Pali china chimene chimandivuta mumtima. Ndalama imene imasowa munthu ali moyo imapezeka tsiku limodzi akamwalira. Bokosi lodula, basi yonyamula anthu, matumba a ufa, nkhata za maluwa. Pamenepo wina amaimirira ndi pepala kuwerenga mbiri ya malemu: anali wokoma mtima, analera ana amasiye, anaphunzitsa abale ake onse. Mawu okoma, koma mwini wake ali m'bokosi. Davide sanadikire uthenga wa maliro kuchokera ku Rogelimu. Anathokoza munthu woti angathe kuyankha. Ndipo choipa koposa, m'midzi mwathu imvi zomwezo zimene Levitiko 19 imatilamula kuti tiziimirira pamaso pake zasanduka chizindikiro cha ufiti. Mwana akadwala, mphenzi ikagwa, chala chimaloza kanyumba ka gogo. Ena amenyedwa, ena aphedwa ndi adzukulu awo enieni, mpaka mu 2024 Nyumba ya Malamulo inachita kukhazikitsa lamulo loteteza okalamba. N'zamanyazi kuti dziko lodzaza ndi matchalitchi lichite kufuna lamulo lotero. Mudzi umene unakhalapo pansi kumva gogo akusimba za moyo wake, adzukulu ali pamiyendo pake, suthamangira kutola miyala.

Tsopano ndilankhule ndi inu, makolo athu, mwaulemu wonse. Barizilai anabwera pa doko ndi Kimuhamu. Kodi wanu ndani? Alipo akuluakulu amene amagwira zonse mpaka tsiku lomaliza: udindo mumpingo, makiyi a nyumba, mapepala a malo, ngakhale mbiri ya mtundu. Amati nthawi ikadalipo. Akapita, ana amatsala akukokana kwa amfumu. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma amene sananenedwe alibe pogonera. Tsiku limene ana asonkhana kudzakuthokozerani Mulungu ndi tsiku lanu lolankhula. Nenani kumene mtundu unachokera. Nenani amene munamukhululukira, ndi amene mukumupempha kuti akukhululukireni. Tulani zimene zikukulemerani, muone ndi maso anu wina akuzisenza.

Zimene Barizilai anachita sizinathere pa mtsinje. Davide atakalamba nayenso, ali pafupi kufa, pakati pa malangizo ake kwa Solomoni anaikapo lakuti ana a Barizilai azidya pa tebulo la mfumu. Patapita zaka pafupifupi 400, buku la Yeremiya pa mutu 41 likutchula malo ogonapo alendo pafupi ndi Betelehemu, odziwika ndi dzina la Kimuhamu. Nkhalamba ija inakana ulendo umodzi, koma zikuoneka kuti banja lake linazika mizu kumene iyo sinafikeko. Ndipo ife okhulupirira tikudziwa kuti Mwana wa Davide, Yesu Khristu, wobadwira ku Betelehemu komweko, ali ndi kuitana kwina, kopita ku Yerusalemu watsopano. Kuitana kumeneko palibe adzakukane chifukwa cha makutu kapena mano, pakuti woitanayo ndi amene adzapereke thupi latsopano.

Choncho inu amene muli ndi kholo kapena gogo wa zaka 70 kupita m'tsogolo, musadikire kuti ndalama ya tenti ikwane. Pitani sabata ino mukawafunse kuti akufuna kuona ndani, akufuna kudya chiyani, akufuna nyimbo iti. Ngati tsiku lobadwa silidziwika, sankhani Loweruka lina mukatha kukolola, chimanga chili m'nkhokwe ndipo misewu yauma. Ndipo pali okalamba ena pakati pathu amene ana awo onse anatsogola, alibe wowasonkhera. Amenewo ndi athu ife. Akulu a mpingo ndi amayi a m'madera, tibweretsereni mayina awo Lamulungu likudzali, kuti tigawane masiku. Amen.