Zimene chithunzi cha pa WhatsApp sichionetsa

Nyumba zambiri zimene zikumangidwa ku Area 49 ku Lilongwe kapena ku Machinjiri, eni ake sanapondepo phazi. Ali ku Joni kapena ku Leeds, amatumiza ndalama pa Mukuru, n'kulandira chithunzi: khoma lafika pa windo, malata akwera. Pakati pa ndalamazo ndi chithunzicho pali munthu mmodzi, kawirikawiri mlamu kapena mng'ono wawo, amene anangopemphedwa kuti azikazondako akapeza mpata. Ine ndimati ntchito ya munthu ameneyu ndi yolemera kuposa ya bilidala, ndipo timaipeputsa.

Zofunika kuziyang'anira pa nyumba ndi zimene mawa zidzakwiririke. Kodi ngalande ya maziko yafika pa dothi lolimba, kapena okumba analekera pamene anatopera? Thumba la simenti la makilogalamu 50 lalandira mawilibala angati a mchenga? Zitsulo zimene zinagulidwa zalowadi zonse mu konkire? Konkireyo imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata yathunthu, ndipo mphamvu zake zimayesedwa pakatha masiku 28. Koma mu Okutobala, madzi ali ogula pa ndowa, ndani amathirira ngati palibe womuimirira? Pulasitala akangomata, khoma lamchenga wokhawokha ndi khoma labwino zimaoneka chimodzimodzi pa foni. Choncho woyang'anira wanzeru sawerenga kuti wapitako kangati. Amadziwa masiku amene sayenera kusowa: lokumba maziko, lomanga zitsulo, lothira konkire.

Pa ndalama, phunziro linabwera mowawa mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene anali asanatumize ma randi awo sanalire kwambiri. Analira ndi amene ndalama zawo zinali zitasanduka kale makwacha n'kumagona ku akaunti, kudikira kuti bilidala amalize gawo. Ndalama zikafika zisanduke katundu msanga, makamaka malata, zitsulo ndi mafelemu, zimene zimapirira kusungidwa. Simenti ayi, ikakhalitsa, makamaka m'dzinja, imachita mibulu. Bilidala naye azilipidwa gawo likatha ndipo laonedwa. Womulipiriratu amadzamufunafuna pa ntchito ya munthu wina.

Chovuta kwenikweni si bilidala, ndi mwini nyumba. Waona nyumba yosanja ku Sandton, usiku atumiza uthenga wa mawu kuti tiwonjezere chipinda pamwamba, pa maziko amene anakumbidwira nyumba yapansi, pulani itadutsa kale ku khonsolo. Mwina aimbira bilidala mwachindunji, mawa lake woyang'anira n'kupeza chitseko chasamuka. Ntchito ikakhala ndi mabwana awiri, bilidala amamvera amene mawu ake akumukomera. Apa mpamene pafunika munthu wotha kunena kuti, "Achimwene, ndalama ndi zanu, koma izi sizitheka, ngati mukufunadi, tiyambe taitana injiniya, ndipo mtengo wake ndi uwu." Kusintha kulikonse kulembedwe, ndi mtengo wake, njerwa isanasunthe.

Koma mng'ono amene akugwira ntchitoyi ulere, mwinanso fizi ya ana ake ikuchokera kwa achimwene omwewo, angakane bwanji? Ndiponso abale onse amadziwa kuti ndalama zili m'manja mwake. Kukagwa maliro kumudzi, kapena mayi akagonekedwa m'chipatala, matumba khumi a simenti amapita, ndipo sindinganene kuti munthuyo ndi wakuba. Tinamuika pamalo pamene aliyense angaterereke.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti woyang'anira azilipidwa, ngakhale atakhala wobadwa naye bere limodzi. Ena amati kulipira m'bale n'kumuyesa mlendo. Komatu wolipidwa ungathe kumufunsa malisiti popanda kuyambitsa mlandu wa pabanja, nayenso angathe kukuuza kuti ayi. Ndalama za nyumba zikhale pa akaunti yakeyake, zothandizira abale zizidzera kwina, ndipo malipiro akewo alowe mu bajeti pamzere wawo, pafupi ndi simenti ndi malata.