Kodi lumo laukali limaphunzitsa munthu?

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chimene chinagwa m'Zambia chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa kwambiri ku Kariba, kumene amapangira magetsi, ndipo pofika September makomo ambiri mu Lusaka ankaona magetsi maola atatu okha pa tsiku, mwinanso usiku anthu ali m'tulo. Ena mwa amene analira kwambiri ndi ometa tsitsi. Kababashopu ka ku Kabwata kapena ku Chelstone kamadalira mashini a magetsi, ndipo malaiti akapita mwini wake amangokhala panja kupenya odutsa, kupatula ngati ali ndi jenereta kapena mashini otchaja. Koma bwana wa ku ofesi mu Cairo Road samva za Kariba. Chimene akufuna Lolemba m'mawa ndi chibwano choyera.

Chida chosafuna magetsi chinalipo kale, ndipo ambiri anachiona m'manja mwa agogo awo: kachitsulo ka chigwiriro chachifupi, kotsegula pamutu n'kuikamo lezala lakuthwa uku ndi uku. King Camp Gillette wa ku America analandira chiphaso cha luso limeneli mu 1904. Chaka choyamba cha malonda ake, 1903, anagulitsa zometera 51 zokha ndi malezala 168. Malonda anadzakula ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, boma la America litagulira asilikali ake zometera mamiliyoni, ndipo anyamatawo pobwerera kwawo anali atazolowera kudzimeta okha. Zometera za malezala ophatikiza m'kapulasitiki zinabwera mochedwa: awiri mu 1971, atatu mu 1998, asanu mu 2006. Lezala lakale lija silinathe. Pa kantemba kalikonse mu Lusaka lilipo, ndipo n'lotchipa.

Zometera zachitsulozi sizifanana mtima. Pansi pa lezala pamakhala kotchinga kamene kamayamba kukhudza khungu, ndipo nkhani yonse yagona pa mpata wa pakati pa kotchingako ndi msonga ya lezala, komanso mmene msongayo yatulukira kunja. Kusiyana kwake ndi kachigawo chabe ka milimita. Mpata ukachepa, chometera chimakhala chofatsa: dzanja likalakwa, kotchinga kaja kamabisa cholakwacho. Mpata ukakula, lezala limafika pakhungu lonse lathunthu, limadula ndevu zambiri pa ulendo umodzi, komanso limadula munthu. Chotchuka pa ukali ndi R41 cha kampani ya Mühle ya ku Germany, chimene m'malo mwa kotchinga kosalala chili ndi mano onga a chipeso. Gillette nayo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 inatulutsa chometera chokhala ndi kagudumu ka manambala 1 mpaka 9, kuti mwini wake adzisankhire yekha ukali umene angaupirire tsiku limenelo.

Mnyamata amene wakula ndi zometera za pulasitiki amafika pa chida chotere ali ndi chizolowezi chimodzi choipa: kukanikiza. Za pulasitiki zija n'zopepuka, mutu wake umapendekeka wokha motsatira nkhope, ndipo zimalola dzanja lolemera. Tsono iye akagwira chachitsulo amakanikiza monga mwa nthawi zonse, n'kuona timadontho tofiira tikutuluka m'khosi asanamve n'kuwawa komwe. Malangizo a odziwa ndi ochepa ndipo safuna sukulu. Ndevu zinyowe ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, chifukwa tsitsi lomwa madzi limafewa. Thovu likhale loterera, osati louma. Apa a ku Lusaka ali ndi vuto lawolawo, poti mzindawu unakhala pa miyala ya laimu ndipo madzi a m'mijigo ya ku Chelstone kapena ku Woodlands sachedwa kupha thovu la sopo. Lezala likumane ndi khungu mopendekeka madigiri pafupifupi 30. Likokedwe pang'onopang'ono, mtunda waufupi, kutsata kumene ndevu zaweramira. Ndipo kulemera kwa chitsulocho n'kokwanira; dzanja lingochiperekeza.

Kumva malangizowa n'kwa mphindi imodzi. Kuti dzanja liwavomere pamapita milungu.

Apa ndi pamene pabadwa funso loposa la ndevu. Okonda zometera zaukali amati chofatsa chimalera ulesi, chifukwa munthu angamete nacho zaka khumi molakwika osadziwa, pamene chaukali chimamuwongola m'mwezi umodzi poti sichikhululuka. Ganizo limeneli si lachilendo kwa Mchewa. Akuluakulu ankati mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere, imufotere yekha m'manja. Buku la Miyambo limatamanda ndodo ya kholo. Ndipo pali abambo ambiri a zaka makumi asanu ku Kabulonga, ena a maudindo akulu, amene akakhala pa mowa amalumbira kuti chimene chinawapanga kukhala anthu ndi mkwapulo wa ahedi. Dziko linaganiza zina: mu 1999 Khoti Lalikulu la Zambia linagamula kuti chilango cha zikoti chikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kumenya ana m'sukulu. Koma m'mitima ya anthu mlanduwo sunathe. Ngati chitsulo chopanda chifundo chimaphunzitsa msanga, bwanji mphunzitsi wopanda chifundo, m'busa wopanda chifundo, ngakhalenso Mulungu wopanda chifundo?

Fanizoli n'lokopa, koma likayang'anitsitsidwa limagwa. Lezala lili ndi makhalidwe amene womenya aliyense alibe. Limayankha nthawi yomweyo, pamalo penipeni pamene dzanja lalakwa, osati Lachisanu pa mzere wa olakwa a mlungu wonse. Yankho lake limalingana ndi cholakwa: kukanikiza pang'ono, kuyabwa pang'ono, kukanikiza kwambiri, bala. Silikondera mwana wa nduna wa ku Kabulonga n'kusiya mwana wa wogulitsa makala. Silinayambane ndi mkazi wake m'mawa. Ndipo chachikulu, wophunzirayo ndi amene walitola yekha, ndipo akhoza kuliika pansi nthawi iliyonse. Mwana wa giredi 4 sanasankhe ndodo, ndiponso sangaiike pansi. Chimene chimathandiza pa lezala ndi choonadi chofika msanga, ndipo magaziwo angokhala mtengo wake. Munthu akanatha kulandira uthenga womwewo popanda bala, palibe wanzeru amene akanasankha bala.

Komanso bala silinena zambiri. Limangoti apa walakwa, osanena chochita. Wophunzira wopanda womulangiza akadzicheka kawiri amachita chimodzi mwa ziwiri: amaponya chometeracho m'kabati, kapena amayamba kumeta mwamantha, dzanja lili gwa, ndipo dzanja louma ndi mantha ndi limene limadula kwambiri. Aphunzitsi a ana amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Paulo polembera Agalatiya anayerekeza chilamulo ndi namkungwi wopereka mwana kwa wina womuposa, ndipo kwa Aroma anati ntchito ya chilamulo n'kuzindikiritsa tchimo. Kuzindikiritsa, osati kuchiritsa. Pa nkhope ya wometa chochiritsa n'china: khungu limapola lokha m'masiku ochepa, ndevu zimameranso, ndipo munthu amapatsidwa mpata woyesanso popanda kuupempha. Popanda kupolaku sipakanakhala kuphunzira, pakanangokhala zipsera. Amene amatama ukali wa lezala amaiwala kuti akudalira chifundo cha thupi lawo lomwe.

Aristotle anaphunzitsa kuti luso ndi khalidwe zimabwera njira imodzi, pochita mobwerezabwereza: womanga amakhala womanga pomanga, wolungama pochita zolungama. Koma anaonjezera kuti womanga woipa nayenso amapangika pomanga, n'chifukwa chake pamafunika mphunzitsi. Ku China, buku la Zhuangzi lili ndi nthano ya wopha ng'ombe wa mfumu amene mpeni wake unagwira ntchito zaka 19 usanabunthe, pamene anzake ankasintha mipeni chaka ndi chaka, ena mwezi ndi mwezi. Chinsinsi chake chinali kupititsa mpeni m'mipata imene ilipo kale pakati pa mfundo, osalimbana ndi fupa. Asayansi a ku yunivesite ya MIT ku America anapeza zofananako mu 2020 atajambula lezala likudula tsitsi pansi pa maikulosikopu: ngakhale tsitsi n'lofewa kwambiri poyerekeza ndi chitsulo, limabenthula msonga ya lezala, makamaka likapindika n'kukumana ndi msongayo chammbali. Luso la chida chakuthwa, kwa wopha ng'ombe ndi kwa wometa, limakula pamene mphamvu ikuchepa. Izi n'zovuta kumeza kwa mwamuna amene anakula akumva kuti ntchito ikakana, onjezera mphamvu.

Pali mbali ina imene mabuku a ometa a ku Ulaya amaidumpha, koma imene mwamuna aliyense woyenda mu Town Centre amaiona m'makosi a anzake. Tsitsi la munthu wakuda n'lopotana. Likadulidwa mwafupi kwambiri, msonga yake yakuthwa imapindika pomera n'kubaya khungu, kapena imakanika kutuluka n'kumera cham'kati. Thupi limaitenga ngati munga. Zotsatira zake ndi tiziphuphu toyabwa tija, mawanga akuda, ndipo kwa ena zipsera zotupa zosatha. Madokotala amalitcha vutoli pseudofolliculitis barbae, ndipo kafukufuku wa pakati pa asilikali akuda a ku America wakhala akupeza kuti limagwira pafupifupi theka la iwo kapena kuposerapo. Zometera za malezala ambiri zimalikulitsa, poti lezala loyamba limakoka tsitsi ndipo lotsatira limalidulira pansi pa khungu. N'chifukwa chake madokotala a khungu amalangiza lezala limodzi, kutsata kumene ndevu zaweramira, osakoka khungu, osabwereza pamalo amodzi.

Chometera chaukali chimathandiza pamenepa, chifukwa ulendo umodzi kapena iwiri imakwanira. Koma chimakhalanso yesero, chifukwa chikhoza kusalaza chibwano mpaka chala osamvanso kanthu. Ndipo apa lezala lija lotamandidwa kuti silinama limakhala chete. Mnyamata amene wameta mobwerera, kulimbana ndi ndevu, amatuluka m'bafa wopanda bala, wosalala, wokondwa. Mlandu umadzabwera pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo ambiri salumikiza ziwirizi. Amadzudzula sopo, madzi kapena mashini a ku babashopu. Cholakwa chachikulu pa kumeta sichilangidwa pompo, ndipo chimaoneka ngati kupambana. Wolemba buku la Mlaliki anachenjeza za kupambanitsa chilungamo ndi nzeru mpaka kudziwononga, mawu amene alaliki ambiri amawalambalala poopa kuti nkhosa zingawamve molakwa. Pa nkhope ya Mwafrika tanthauzo lake n'losavuta: wometa waluso amasiya dala kandevu kochepa komveka ku chala, ngakhale chida chili m'manja chikadatha kukachotsa. Kudziletsa kumeneko bala silingamuphunzitse. Amakutenga kwa malume ake, kwa dokotala, kapena pokumbukira bwino zimene zinamuchitikira mlungu watha.

Zipembedzo za mu Lusaka sizinaonepo lumo ngati kanthu kachabe. Kwa Achewa a ku Katete ndi Chadiza, maliro satha mpaka anthu atameta, koyamba patangopita masiku ochepa chiikire maliro, kachiwiri patapita miyezi, pamene mzimu ukuperekezedwa ndi mowa ndi gule. M'Baibulo Mnaziri analetsedwa lumo masiku onse a chowinda chake, koma Yosefe anameta asanaonekere kwa Farao. Asilamu amasunga ndevu potsata Mtumiki, nameta mutu pomaliza Hajj. Otsatira a Johane Masowe, amene anathamangitsidwa ku Port Elizabeth ku South Africa mu 1962 ndipo ambiri anadzakhala cha ku Marrapodi, amameta mpala n'kusiya ndevu, ndipo ndevu zawozo ndi zimene zinapatsa dzina komboni ya Mandevu. Mboni za Yehova, zimene likulu lawo m'dziko muno lili ku Makeni, zinadziwika kwa zaka zambiri ndi zibwano zoyera, mpaka mu December 2023 pamene atsogoleri awo analengeza kuti kusunga ndevu zosamalika ndi nkhani ya munthu mwini.

Chilengezo chimenecho chinapepuza abale amene khungu lawo silinagwirizanepo ndi lezala la mtundu uliwonse, laukali kapena lofatsa. Anthu otere alipo ambiri, ndipo vuto lawo si kusadziwa kumeta kapena ulesi. Madokotala amawauza kuti asiyiretu kumeta kwa milungu inayi kapena kuposa, kuti tsitsi lobisika lituluke lokha, kenako azingodulira ndi mashini n'kusiya milimita imodzi. Mfumu Davide anachitanso chimodzimodzi ndi amithenga ake amene Hanuni anawameta ndevu mbali imodzi kuti awachititse manyazi: sanawalamule kumeta mbali yotsalayo, anawauza kuti akhale ku Yeriko kufikira ndevu zitamera. Kwa mlonda wa kampani ku Woodlands kapena kalaliki wa banki mu Cairo Road, milungu inayi imeneyo imafuna kalata ya dokotala ndi bwana wovomera kuiwerenga.