Ngongole imene ukudziwa kuti sudzabweza

Munthu wapanikizika, m'nyumba mulibe kanthu. Apita kwa mnzake kukakongola ndalama, koma mumtima akudziwa bwino kuti sadzatha kubweza. Akudziwanso kuti akanena zoona, mnzakeyo sampatsa. Ndiye alonjeza: "Mwezi ukatha ndikupatsani." Kodi walakwa? Ambirife tingamukhululukire msanga, poti mavuto sachita kuitana, ndiponso ena mwa ife amene tabwera ku Misa lero tinalonjezapo chimodzimodzi.

Chitsanzochi anachilemba ndi Immanuel Kant, mphunzitsi wa ku Königsberg ku Prussia, amene anabadwa mu 1724 namwalira mu 1804. Chili m'buku lake la mu 1785 lonena za maziko a khalidwe labwino. Kant anakulira m'banja la Chilutera lokonda kupemphera, koma pa funso ili sanatsegule Baibulo. Anafuna kuona ngati nzeru za munthu pazokha zingathe kuweruza mlanduwu.

Njira yake ndi iyi: usanachite chinthu, dzifunse ngati ungafune kuti mfundo imene ukutsatayo ikhale lamulo la anthu onse. Tiyerekeze kuti aliyense wopanikizika waloledwa kulonjeza zabodza. Ndani angakhulupirirenso lonjezo? Mawu oti "ndibweza" angasanduke nthabwala, ndipo wabodza uja sangapezenso womukongoza. Bodza lake limagwira ntchito kokha chifukwa anthu ena amanena zoona. Akudya za ena kawiri: ndalama zawo ndi kukhulupirika kwawo.

Kant anaonjezera mfundo imene ine ndimaiona yolemera kuposa yoyambayo. Wokongoza uja ndi munthu, ali ndi nzeru zosankhira yekha. Mwina akadauzidwa zoona akadapereka ndithu ngati mphatso, mwina akadakana. Bodza lamulanda mpata wosankha, lamusandutsa chida chopezera ndalama, ngati khasu limene munthu salifunsa asanalimire. Apa palibe chowerengera phindu. Ngakhale wokongozayo atakhala wolemera, osazindikira n'komwe kuti ndalama zapita, udindo wonena zoona sunachoke.

Mkatolika sayenera kudabwa kuti nzeru zafika pamenepa. Paulo Woyera, m'mutu 2 wa kalata yake kwa Aroma, amaphunzitsa kuti anthu osadziwa Malamulo a Mose ali nacho chikumbumtima chowachitira umboni. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa za lamulo lachilengedwe limene munthu amalizindikira ndi nzeru zimene Mulungu anamupatsa. Choncho amene amati "sindinamve kuti n'tchimo" sanapulumuke. Kuganiza nakonso ndi udindo.

Komabe sindimutsata Kant mpaka kumapeto. Mu 1797, poyankha Benjamin Constant wa ku France, analemba kuti ngakhale chigawenga chitafika pakhomo kufunsa ngati mnzako amene chikufuna kupha wabisala m'nyumba mwako, suyenera kunama. Anthu akhala akukangana pa yankho limeneli zaka zoposa 200, ndipo ine limandizizira. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika amaletsa bodza, inde, koma amaphunzitsanso kuti palibe wokakamizidwa kuulula zoona kwa munthu amene alibe ufulu wozidziwa, ndi kuti chikondi cha pa mnzathu ndicho chotiunikira pamene tiyenera kulankhula kapena kukhala chete. Chigawenga chilibe ufulu umenewo. Ungatseke chitseko, ungakane kuyankha, ungakuwe.

Wokongola uja sangabisale kuseri kwa nkhani ya chigawengayi. Mnzake ali ndi ufulu wonse wodziwa zoona, poti ndalamazo n'zake, mwina anasungira fizi ya mwana. Chimene chimamuvuta wopemphayo ndi manyazi onena kuti, "Achimwene, ndilibe pogwira, ndipo sindikudziwa ngati ndidzabweza. Ngati mungathe, ndithandizeni." Akhoza kubwerako chimanjamanja tsiku limenelo. Koma akadzakumana pa mphakati sabata yotsatira, sadzafunika kukhala kumbuyo kapena kutuluka pemphero lomaliza lisanathe.