Mwamulirira Salva, nanga za ku Ukwimi mukuzidziwa?

Adzukulu anga, kabuku kaja mukubwerekana kusukuluko, kolembedwa ndi mayi wa ku America dzina lake Linda Sue Park, kamene mutu wake ndi A Long Walk to Water, nanenso kandifika m'manja. Kanatuluka m'2010, ndipo n'kochepa thupi moti mwana wa Giredi 7 wodziwa Chingerezi sangakhale nako sabata yathunthu. Ndakhala ndikutchera khutu ku zimene mumakambirana mukakawerenga, ndipo pali zina zoti ndikuuzeni makutu anu akadali otseguka.

Kwa amene simunakagwire, nkhani yake ndi iyi. Salva Dut ndi munthu weniweni, wa mtundu wa Adinka, wa kummwera kwa Sudan. M'1985, ali ndi zaka 11, mfuti zinalira iye ali m'kalasi, aphunzitsi n'kuuza ana kuti athawire kutchire, asabwerere kumudzi. Anayenda wapansi mpaka ku Ethiopia. Panjira mnzake anagwidwa ndi mkango, ndipo mbale wa bambo ake amene ankamuteteza anaphedwa iye akuona. M'1991 othawa nkhondo anathamangitsidwa ku Ethiopia, n'kuwoloka mtsinje wa Gilo pakati pa zipolopolo ndi ng'ona. Kenako Salva anatsogolera anyamata pafupifupi 1,500 ulendo wa ku Kenya, ndipo oposa 1,200 anafika amoyo. M'1996 anatengedwa kupita ku Rochester, ku New York. Pambali pa nkhaniyi wolemba anaikapo ina yopeka, ya mtsikana wa mtundu wa Anuer, Nya, amene m'2008 amatha tsiku lonse akuyenda kukatunga madzi a matope padziwe.

Ambiri mwa inu mwandiuza kuti munalira. Sindikukunyozani. Ana a ku America nawonso amalira akakawerenga, ndipo masukulu awo amasonkha ndalama n'kutumiza ku bungwe limene Salva anayambitsa m'2003, lomwe lero likutchedwa Water for South Sudan, kuti likumbe mijigo. Iwowo akuchita zowayenera, chifukwa madzi awo amatuluka pampopi m'nyumba ndipo nkhondo amaionera pa TV. Chimene chandidabwitsa n'chakuti inunso mukuwerenga ngati ndinu a ku Rochester, ngati zoterezi zimachitika kutali kwa anthu ataliatali oweta ng'ombe. Ndinafunsa mmodzi wa inu ngati anamvapo za Ukwimi. Anandiyankha kuti ndi kumene kuli sukulu ya ntchito zamanja. Sananame, koma zimene akudziwazo ndi mchira chabe wa nkhani.

Tamverani tsono. M'zaka zomwezo Salva ankayenda m'chipululu, nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo inali itafika poipa kutsidya kwa malire, ku Mozambique, m'chigawo cha Tete. Anthu ankadutsa malire usiku, mayi mwana kumsana, mphika pamutu, nkhalamba ataikweza panjinga yopanda matayala abwino. Ambiri sanali alendo kwenikweni. Anali Ansenga, Achewa ndi Achikunda anzathu, ena a mfunda umodzi ndi ife, moti poyamba ankangofikira kwa abale m'midzi ya m'malire ya Petauke, Katete ndi Chadiza, n'kupemphako kamunda kwa anyakwawa. Koma zigawengazo zinayamba kuwolokera kuno, kuba ng'ombe, kutentha nyumba ndi kupha anthu a m'Zambia momwe muno. Apo m'pamene boma la a Kenneth Kaunda, pamodzi ndi bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR, linatsegula Ukwimi m'1987, kumpoto kwa tauni ya Petauke, kutali ndi malire. Lero derali lili m'boma la Lusangazi, lomwe linapatulidwa ku Petauke m'2018.

Ku Ukwimi kunafika anthu pafupifupi 25,000. Sanawatsekere mumpanda kuti azingodikira thumba la ufa. Banja lililonse linapatsidwa malo olima okwana mahekitala awiri, makasu ndi mbewu, ndipo bungwe la Lutheran World Federation linathandiza kulambula misewu, kumanga masukulu ndi zipatala, ndi kukumba mijigo. Anthu aja anagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi manja, ndipo patangopita zaka zochepa anayamba kudzidyetsa okha, chimanga ndi mtedza wotsala n'kumagulitsa. Ndisakunamizeni kuti zonse zinali zokoma. Eni nthaka ena ankang'ung'udza poona kuti mlendo ali ndi mjigo pafupi pomwe iwo akumwa m'zithaphwi, ndipo mitengo ndi nyama zakutchire zinachepa. Komabe ana a eni mudzi ndi ana a othawa nkhondo anakhala pabenchi imodzi, amayi awo n'kumaima pamzere umodzi ndi ndowa. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayembekeza kaye kuti aone ngati mfuti zaleka zoona, ndipo m'1994 unyinji unakwera malole kubwerera kwawo. Ena anatsala chifukwa cha maukwati. Ku Malawi kunali koposa apa, chifukwa dziko laling'ono lija linasunga anthu a ku Mozambique opitirira miliyoni imodzi.

Mwana amene anadutsa malire ali ndi zaka 11 m'1987, lero ndi munthu wa zaka za m'ma 50 kapena kuyandikira. Mwina ndi amene amakugulitsani nthochi pamsewu pa Nyimba, mwina ndi apongozi a amalume anu. Nkhani ya Salva inalembedwa chifukwa panapezeka munthu amene anakhala naye pansi n'kumufunsa. Ya anthu awa sindinaionepo m'buku la ana, ndipo akamapita kumanda akupita nayo. Inu muli ndi makope ndi mafoni ojambula mawu. Pitani mwaulemu, mugwade, mupereke moni wokwanira, ndipo musayambe ndi funso lakuti munaona anthu angati akufa. Funsani kuti ankadya chiyani panjira, madzi ankawapeza kuti, ndani anawapatsa nsima yoyamba kuno. Akakhala chete, musawakakamize. Pali zina zimene munthu sanauzeko ngakhale mkazi wake.

Anyamata, inu ndiye mwandiseketsa. Mwa zonse zili m'kabukuka, chimene mwatolapo n'chakuti Salva anali ndi mwayi, anakwera ndege. Tawerengani zaka. Kuchokera m'1985 kufika m'1996 ndi zaka 11, ndipo zambiri mwa izo sanali kuthawa mikango. Anali m'misasa ya othawa nkhondo, ku Ethiopia, kenako ku Kakuma ndi ku Ifo m'dziko la Kenya, akudzuka, kuima pamzere wa chakudya, kuphunzirako Chingerezi, kugona, mawa chimodzimodzi. Wolemba amadutsapo msanga pa zaka zimenezi popeza kudikira sikukoma kuwerenga, koma kupirira kwake kwambiri kunali komweko. Ndipo atafika kumene inu mukusirirako, anamva kuti bambo ake ali moyo koma ali m'chipatala, matenda ake obwera ndi madzi oipa. Anapita kukawaona, n'kubwerera ku America kukayankhula m'matchalitchi ndi m'masukulu kwa zaka, kupempha ndalama za mijigo. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Sindikuletsani kupita ku Lusaka kapena ku Johannesburg, pitani ndithu. Ndikungofunsa kuti mwa anzanu amene anapita kale, ndi angati anatumizako ngakhale ndalama ya labala wa mjigo umene amayi awo amatungapo.

Pali chinanso chimene mwachidumpha nonse. Amene anapha mbale wa bambo ake a Salva anali Anuer, ndipo mjigo wa kumapeto kwa kabukuka ukukumbidwa m'mudzi wa Anuer, wokumbitsa wake ali Mdinka. Ife kuno timakanizana madzi pa zifukwa zochepa kwambiri: mudzi uwu unavotera chipani china, banja ili silipemphera nafe, awa ndi obwera. Ndinaonapo mjigo womangidwa ndi loko, kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi, ana a mudzi woyandikana nawo akubwerera ndi zigubu zopanda kanthu.

Koma wowerenga amene wandikhudza kwambiri ndi mtsikana wina amene sanalire n'komwe. Iye anangoti, "Agogo, chachilendo n'chiyani apa? Ifenso timatunga." Ananena zoona, ndipo n'chifukwa chake mawu ake anandiwawa. Pofika October, m'midzi yambiri ya kwa Ndake, kwa Nyalugwe ndi kwa Luembe timitsinje timasanduka mchenga wokhawokha. Amayi amafukula dzenje pakati pa mtsinje, n'kukhala pansi kudikira kuti madzi adzere pang'onopang'ono, akumatunga ndi kapu. Okhala kufupi ndi Luangwa madzi ali nawo, koma ng'ona nazo zili pomwepo. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo timachisenzetsa mwana amene khosi lake silinakhwime. Akatswiri a WHO ndi UNICEF amati banja lingawerengedwe kuti lili ndi madzi okwanira pa mlingo woyambira ngati madziwo achokera pamalo otetezedwa ndipo kupita, kuima pamzere ndi kubwerera sikupitirira mphindi 30. Dziwerengereni nokha za kwanu. Ndipo m'2024 munaona zimene ife tinaona m'1992: mvula inadula chimanga chitangoyamba ngaiyaye, mpaka pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Zitsime zosaya zinauma msanga, ndipo mtunda wa mtsikana uja unatalika.

Mdzukulu wanga wamkazi, ndikukuyamikira kuti ndiwe wolimba, koma sindifuna kuti uzolowere. Anthu akamakutama kuti ndiwe wopirira, uzifunsa kuti mlongo wako ali kuti nthawi imene iwe uli kudambo. Ukafika m'kalasi belu litalira kale, maso ali olemera, mayeso sadzakufunsa kuti unadzuka nthawi yanji. Ndipo inu anyamata, palibe mwambo wa Chinsenga kapena wa Chichewa umene ungakudwalitseni chifukwa chomangirira zigubu ziwiri panjinga. Njinga yomweyo mumanyamulira makala kupita nawo kumsewu waukulu osachita manyazi. Ngolo ya ng'ombe ikapita kamodzi ndi migolo, alongo anu apuma masiku angapo.

Tsopano za mjigo, pakuti apa m'pamene kabukuka kakuthera koma ife m'pamene mavuto athu amayambira. Tsiku limene makina obowola afika, mudzi wonse umavina, amfumu amayankhula, alendo amajambula zithunzi n'kupita. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu chogwirira chimayamba kulobodoka, madzi amatuluka mutapopa nthawi yaitali, kenako amalekeratu. Kawirikawiri madziwo pansi amakhala alipo. Pampu zambiri za kuno ndi za mtundu wa India Mark II, ndipo chimene chimatha ndi timalabala ta m'silinda pansi pa chitsime, tcheni cha kumutu, mabering'i a chogwirira, kapena mapaipi achitsulo amene dzimbiri labowola. Zonsezi zimagulidwa, ndipo m'madera mwathu muli amisiri ophunzitsidwa kukonza mijigo. Chosowa ndi ndalama, chifukwa komiti ya madzi ya m'mudzi, imene a boma amaitcha V-WASHE, inasiya kukumana, kapena msungichuma anabwereka thumba lonse pa maliro osabweza, anthu n'kulumbira kuti sadzasonkhanso. Mjigo wa ndalama zambirimbiri umafa chifukwa cha kalabala kotsika mtengo kuposa nkhuku, ndipo amayi amabwerera kumchenga kuja, ana n'kuyambanso kutsekula m'mimba monga mng'ono wake wa Nya. Kolera imene inadzaza odwala m'bwalo la Heroes ku Lusaka kumayambiriro kwa 2024 sifunsa ngati uli m'tauni kapena kumudzi.

Apa ndiye pali ntchito yanu, inu odziwa kulemba ndi kuwerengera. Ife akuluakulu timachita manyazi kufunsana za ndalama chifukwa ndife apachibale, msungichuma ndi mlamu wa wapampando, wapampando ndi mphwa wa amfumu. Pemphani kwa anyakwawa, kudzera mwa makolo anu monga mwa ulemu wake, kuti mmodzi wa inu azisunga kope la zopereka: dzina la banja, mwezi, ndalama, siginecha kapena chidindo cha chala. Pamsonkhano kopelo liziwerengedwa mokweza, zolowa ndi zotuluka zomwe. Nkhalamba ndi amasiye amene sangathe kusonkha alembedwe padera pamaso pa onse, kuti pasadzapezeke wowabweza pamjigo. Wina aziyenda ndi mmisiri akabwera, kumugwirira sipanala ndi kuona mmene amatulutsira mapaipi, atsikana ndi anyamata omwe. Mangani mpanda kuti nkhumba ndi ng'ombe zisamakumbe m'mbali mwa simenti, lambulani ngalande, ndipo tcheni muzichipaka girizi chisanayambe kulira. Pampu ikangoyamba kuchedwa kutulutsa madzi m'mawa, dziwani kuti pansi pali podontha, ndipo mmisiri aitanidwe sabata yomweyo.