Khutu Lokhala ndi Chiphaso



Dzulo tili pa chigafa kuno kwa Kaluluma, malume anga anatsitsa mawu pa foni atayamba kudandaula za mitengo ya fodya ku Chinkhoma. Nditawaseka, amvekere: "Mphwanga, iwe sunaione nthawi ya apayoniya."

Usiku wonse ndakhala ndikulingalira za anthu omvetsera anzawo. Mu 2005 bungwe la akazitape la dziko la America, NSA, linapatsidwa patent, chiphaso cha umwini wa luso, pa njira yodziwira dera lomwe kompyuta ili poyeza nthawi imene uthenga ukutenga pa intaneti. Tangoganizani. Kuti upeze chiphasochi umayenera kulemba poyera mmene luso lako limagwirira ntchito. Kazitape kudziulula yekha! Komatu si uchitsiru ayi. Akatero, kampani ina singalembetse lusolo n'kumalipiritsa boma, ndipo bungwelo likhoza kulibwereketsa kwa amalonda. Zachinsinsi zenizenizo saziika pamenepo.

Ena amati kumeneko ndiye kuchita zinthu poyera. Ine ndikukana. Chikalatacho chimangotiuza mmene khutu analipangira, sichitiuza khomo lomwe akukalitchera, ngakhale yemwe walola.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. MACRA itagula makina a CIRMS inati ndi oonera ngati makampani a foni akutumikira bwino anthu komanso kulipira zoyenera. Anthu anawatcha makina aukazitape, mlandu unafika mpaka ku Supreme Court, yomwe mu 2014 inalola kuti agwire ntchito. Mu 2018 tonse tinalembetsa manambala athu ndi chiphaso cha unzika. Nambala iliyonse tsopano ili ndi nkhope.

Ndime 12 ya Surah Al-Hujurat imatiletsa tajassus, kufufuzafufuza zobisika za anzathu. Kodi chiletsochi chimathera pa ine ndi iwe, boma osalikhudza? Sindikuti boma lisasake mbava. Amene anaberedwapo ndalama za pa foni ndi anthu onamizira kuti wapambana mphoto akudziwa kuwawa kwake. Koma kusaka munthu mmodzi woganiziridwa, woweruza atavomereza, n'kosiyana ndi kutchera khutu mudzi wonse kuti mwina wina alakwitsa. Choyambacho ndikuchimvetsa. Chachiwiricho, chikhale ndi chidindo kaya patent, mtima wanga sukuchilola.

Malume aja nkhani ya mitengo anadzaimaliza madzulo tikusoka fodya, foni ataisiya m'nyumba.